Mwana wa m'malire akafuna yunivesite ya boma

Mwana wa ku Calómuè akhoza kuphunzira kuyambira Sitandade 1 mpaka Fomu 4 ku Dedza popanda womufunsa kuti kwenikweni ndi wa dziko liti. Chichewa chake n'chomwecho, mfunda wake ndi womwewo, ndipo amalume ake ali ku Lizulu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire ndipo ogulitsa kabichi amakhala mbali zonse ziwiri. N'chimodzimodzi ndi mwana wa Mmalawi amene anabwera kudzalima fodya ku Dómuè kapena kudzatsegula kagolosale ku Ulongué. Amakwera makalasi mpaka 12ª classe, Chipwitikizi akuchithyola ngati mwini wake. Funso limene linagona zaka 12 limadzuka tsiku lolembera malo ku yunivesite ya boma. Pa fomu pali mzere wofunsa unzika, ndipo zimene mulembe pamenepo ndi zimene zigamule khomo limene mwana alowere, fizi imene mulipire, ngati angapeze ngongole ya boma, ndiponso ngati akufunika chilolezo chokhalira m'dzikomo.

Ntchito imeneyi si yoyamba zotsatira za mayeso zitatuluka. Iyambeni mwana ali Fomu 2 kapena 10ª classe.

Mwanayu ndi wa kuti pa pepala?

Musanayambe kufunsa za fizi ya alendo, tsimikizani kaye ngati mwana wanu alidi mlendo. Ana ambiri amene timawayesa alendo ndi nzika zimene sizinalembetsedwe chabe.

Lamulo la Malawi limatsata makolo, osati malo obadwira. Amayi ambiri a m'midzi ya m'malire amakachirira ku chipatala cha Dedza chifukwa ndi chimene chili pafupi, koma kubadwira kumeneko sikupatsa mwana unzika wa Malawi. Buku la kusikelo, ngakhale lili ndi chidindo cha chipatala cha boma, ndi umboni wa katemera ndi kulemera kwa mwana basi. Komano ngati mayi kapena bambo ndi Mmalawi wobadwa, mwanayo ndi Mmalawi ngakhale mchombo wake unagwera ku Lifidzi. Mbali ino ya Mozambique, malamulo aakulu a dziko a 2004 amayang'ana zonse ziwiri. Wobadwira m'Mozambique ndi nzika ngakhale makolo ake ali alendo, kupatula ana a anthu amene anatumizidwa kudzagwira ntchito ya boma la kwawo, monga akazembe. Wobadwira kunja kwa mayi kapena bambo wa ku Mozambique akhozanso kulembetsedwa kukhala nzika.

Kwa ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga nkhani imeneyi ndi yaikulu chifukwa cha nkhondo. Kuyambira mu 1986 anthu anathawira ku Malawi mwaunyinji, mpaka chiwerengero chawo chinaposa 1 miliyoni, ndipo ambiri a kuno anakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Anabwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Ana amene anabadwira kapena kukulira kothawako ndiwo makolo a ophunzira a lero, ndipo ambiri anakwatira kapena kukwatiwa mbali inayo. Choncho m'nyumba zambiri muli mwana amene malamulo a maiko onse awiri amamuvomereza, koma alibe pepala la dziko ngakhale limodzi.

Ngati kholo limodzi ndi Mmalawi, pitani ku ofesi ya kalembera wa nzika ya NRB imene ili kwa DC ku Dedza kapena ku Ntcheu, mutatenga chiphaso cha unzika cha khololo ndi umboni wa kubadwa kwa mwana. Chiphaso chimaperekedwa munthu akakwana zaka 16. Kale lamulo la Malawi linkafuna kuti wa unzika uwiri asiye umodzi akakula, koma Nyumba ya Malamulo inasintha zimenezi kumapeto kwa 2018. Sikuti zimangochitika zokha ayi. Kafunseni ku nthambi ya Immigration mmene mwana amene ali kale ndi BI, chiphaso cha unzika cha Mozambique, angalembetsere. Ngati mwana ndi woyenera kukhala wa ku Mozambique, yambirani ku Conservatória ku Ulongué, kumene amalembetsa kubadwa ngakhale mochedwa, kenako BI. Dziwaninso kuti munthu amene malamulo a kuno amamuona ngati nzika, boma silimuwerengera unzika wina uliwonse akakhala m'dziko muno. Salembera malo ngati mlendo, ndipo maudindo a nzika, monga kalembera wa usilikali, amamukhudza.

Tsopano pali njira yachidule imene aliyense amaidziwa, ndipo ndiitchula poyera. Mwana amene makolo ake onse ndi a ku Mozambique amabwereka mudzi wa amalume kapena wa mnzawo wa bambo ake, nyakwawa n'kudinda kalata, iye n'kusanduka wa kwa T/A wakutiwakuti. Fizi imatsika, ngongole imapezeka, aliyense n'kuomba m'manja. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kunama pofuna chiphaso cha unzika ndi mlandu, ndipo kutenga ngongole ya boma ndi chiphaso chotere ndi mlandu wina pamwamba pake. Yunivesite ili ndi mphamvu yochotsa wophunzira amene analowa ndi mapepala achinyengo, ngakhale ali chaka chomaliza. Sikuti apolisi amachita kufufuza. Kawirikawiri woulula amakhala wa pamudzi pomwepo, tsiku limene mwakangana za malire a munda. Ngakhale zisaululike, digiri imatuluka m'dzina la munthu amene ku Mozambique kulibe, ndipo mwana akafuna ntchito ku Tete kapena ku Beira, digiri ndi BI zimakhala za anthu awiri osiyana.

Dzina likhale limodzi

Tengani mapepala onse a mwana, muwayale pa mphasa masana kukuwala: cédula kapena kalata ya kubadwa, BI, khadi la ubatizo, malipoti a kusukulu, satifiketi ya Sitandade 8 kapena ya ku pulayimale ya kuno. Werengani dzina lililonse chilembo ndi chilembo. Mupeza kuti amene mphunzitsi wa ku Dedza analemba Chimwemwe Kamwendo, kalaliki wa ku Conservatória analemba Chimuemue Camuendo. Mbewe amasanduka Mbeue, Chikondi amasanduka Chicondi. Kwina dzina la ubatizo ndi Yohane, kwina João, kwina John. Ku Malawi mwana analembetsa ndi mfunda, kuno analembetsa ndi dzina loyamba la bambo ake ndi la agogo ake. Tsiku lobadwa nalo limasiyana, chifukwa wina anachotsera mwana zaka ziwiri kuti alowe Sitandade 1.

Ife timadziwa kuti ndi mwana mmodzi. Kalaliki wa ku Zomba kapena ku Maputo, amene sanamuonepo, amaona anthu awiri. Sankhani pepala limodzi lokhala tsinde, ndipo likhale limene pasipoti idzatsatire. Mapepala ena onse atsate limenelo. Nthawi yabwino yokonza ndi pamene sukulu ikulembetsa ana mayeso a MANEB kapena a 12ª classe. Pitani nokha kwa ahedi ndi fotokope ya BI, muone ndi maso anu mmene dzina lalembedwera pa mndandanda. Satifiketi ikatuluka ndi dzina lolakwika, kukonza kwake n'kwa miyezi, ndi makalata olumbira pamaso pa majisitireti kapena notário, ndipo si ofesi iliyonse imene imakhutira nawo.

Pasipoti nayonso itengeni msanga ku SENAMI ngati mwana ndi wa kuno, kapena ku Immigration ngati ndi wa ku Malawi. Kapepala kodutsira pa chipata, kamene timapita nako kumsika kapena kumaliro, sikathandiza pa nkhani ya sukulu.

Wofuna kukaphunzira ku Malawi

N'zosadabwitsa kuti mabanja ambiri a kuno maso awo ali ku Malawi. Kuchokera ku Ulongué, ku yunivesite ya zaulimi ya ku Bunda n'kufupi kusiyana ndi mzinda wa Tete, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 230, ndipo Maputo ali kutali makilomita oposa 1,500. Mwana akadwala ku Lilongwe, mayi ake amafika tsiku lomwelo.

Mayunivesite a boma ku Malawi ndi awa: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ya zaumoyo ku Blantyre ndi Lilongwe, LUANAR ya zaulimi ku Bunda, MZUNI ku Mzuzu, ndi MUST ku Thyolo. MUBAS ndi KUHeS zinali mbali ya University of Malawi mpaka mu 2021, ndiye musasokonezeke akuluakulu akamanenabe kuti Poly kapena College of Medicine. Ana a dziko amalembera kudzera ku bungwe la NCHE, pa fomu imodzi posankhapo maphunziro angapo, ndipo maina a osankhidwa amatuluka pamodzi. Khomo limenelo linakonzedwera makamaka Amalawi. Mlendo ayambe walembera ofesi ya Registrar wa yunivesite imene akufuna, kufunsa njira ya ophunzira ochokera kunja, tsiku lotsekera, ndi fizi ya chaka chimenecho. Lembani kalata kapena imelo kuti yankho likhale lolembedwa. Zimene munauzidwa pakamwa pa windo sizingakuthandizeni tsiku limene wokuuzaniyo ali pa tchuthi.

Muyeso wolowera ndi makirediti 6 a MSCE, Chingerezi chili momwemo. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungodutsa. Umenewo ndi muyeso wotsikitsitsa chabe, ndipo maphunziro ngati udokotala ndi uinjiniya amafuna mapointi ochepa kwambiri pa masamu ndi sayansi. Mwana wa kuno amene analemba MSCE ku Dedza kapena ku Ntcheu ali pabwino, chifukwa satifiketi yake sifunika kumasulira.

Wa 12ª classe ali ndi ulendo wautali. Satifiketi yake iyenera kutsimikizidwa ndi akuluakulu a zamaphunziro a kuno, kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wolumbira, osati mphunzitsi wa Chingerezi wa pafupi nanu ngakhale atadziwa bwanji, kenako kufananitsidwa ndi MSCE. Funsani Registrar yemweyo kuti kalata yofananitsa ichokere ku bungwe liti, musanawononge ndalama ya ulendo wa ku MANEB ku Zomba. Vuto lalikulu ndi Chingerezi. Kuno timakhoza ndi 10 pa 20, koma 10 kapena 11 wa Inglês sangamuthandize mwana kumva mphunzitsi wa chemistry amene akuthamanga m'holo ya anthu mazana. Ndikanakhala kholo la mwana wotere, ndikanalolera kuti ataye chaka chimodzi akuphunzira pa sukulu yamadzulo ku Dedza, n'kulemba MSCE ndi dzina ndi unzika wake weniweni. Chaka chimenecho n'chotsika mtengo kusiyana ndi kuchotsedwa ku yunivesite atalephera chaka choyamba, madola atapita kale.

Kalata yomulandira ikafika, chotsatira ndi chilolezo cha wophunzira, chimene ku Immigration amachitcha Student Permit. Wa pasipoti ya Mozambique amalowa m'Malawi popanda viza, koma masiku amene amamudindira pa chipata cha Dedza ndi a mlendo wodzacheza, osati wodzaphunzira. Pofunsira chilolezocho konzani kalata ya yunivesite, pasipoti yokhala ndi nthawi yokwanira, zithunzi, ndi umboni wa amene adzalipire fizi ndi chakudya. Yunivesite ndi imene imalemba kalata yoperekeza, ndiye funsani ofesi yoona za ophunzira tsiku lomwelo limene mwalandira malo. Pa khomo la Immigration pamakhala madobadoba olonjeza kufulumizitsa zinthu. Ndalama iliyonse ya boma ili ndi lisiti ya boma, ndipo wokana kupereka lisiti musamupatse kanthu.

Wofuna kuphunzira kuno

Mwana wa Mmalawi amene anakulira kuno, kapena wa ku Dedza amene mapointi ake sanamufikitse pa mndandanda wa NCHE, asaiwale kuti yunivesite ya boma ili pakhomo pomwepa. UniZambeze, imene inakhazikitsidwa mu 2007 ndipo likulu lake lili ku Beira, ili ndi nthambi ya zaulimi ku Ulongué komweko ndi ya zaumoyo mumzinda wa Tete. Ku Tete kulinso nthambi ya UniPúnguè, imene inatuluka mu Universidade Pedagógica mu 2019, ndi ISPT, yodziwika ndi maphunziro a zamigodi. Ku Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kuli sukulu ina ya boma ya uinjiniya. Wofuna kupita kutali ali ndi Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo.

Kusiyana kwakukulu ndi Malawi n'kwakuti kuno satifiketi ya sekondale imangokupatsa ufulu wolemba mayeso olowera. Malo amapita kwa amene wakhoza mayesowo. Chaka chilichonse yunivesite imatulutsa chikalata chotchedwa edital, kawirikawiri m'miyezi yomaliza ya chaka, ndipo m'menemo muli zonse: maphunziro, chiwerengero cha malo, mayeso amene phunziro lililonse limafuna, malo olembera, ndalama ndi masiku. Sindikizani chikalata chimenechi, muchiwerenge ndi cholembera m'manja limodzi ndi wodziwa Chipwitikizi. Edital ya chaka chatha ndi yongokupatsani chithunzi, musaidalire pa masiku kapena pa ndalama. Kulembetsa kumachitika pa intaneti, ndipo kompyuta imatulutsa manambala awiri, entidade ndi referência, amene mumalipirira ku banki. Referência ndi ya mwana mmodzi yekha. Mukalipira pa nambala ya mnzake, mwalipirira mnzakeyo. Musanayambe n'komwe, mwana akhale ndi NUIT, nambala ya msonkho imene imatengedwa ku Autoridade Tributária, chifukwa fomu imaifunsa.

Mayeso ake ndi osankha yankho, kawirikawiri maphunziro awiri, monga Biologia ndi Química kwa wofuna udokotala, ndipo onse ndi a m'Chipwitikizi. Apa mpamene mwana wa MSCE amagwa, ngakhale akhale wa mapointi 12. Sayansi amaidziwa, koma funso salimva. Chipwitikizi cha pamsika wa Ulongué, chogulira feteleza ndi kukambirana mtengo wa chapa, si cha m'buku la Química. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo amapezeka pa intaneti. Mwana awayese yekha atatchera wotchi, ndipo zotsatira zake zikuuzani ngati ali wokonzeka chaka chino kapena afunika chaka cha chilankhulo. Onaninso malo olembera. Ngati pa edital palibe Ulongué, konzekerani ulendo wa ku Tete, pogona, ndi kutentha kumene mwana wa kumapiri kuno sanakuzolowere.

Wa MSCE afunikanso equivalência, kalata ya boma yonena kuti satifiketi yake ikufanana ndi kalasi iti ya kuno. Imaperekedwa ndi INECE, bungwe loona za mayeso, masatifiketi ndi kufananitsa maphunziro, limene likulu lake lili ku Maputo. Musawerengere nokha kuti zaka 8 za pulayimale ndi 4 za sekondale ndi 12, ndiye basi yafanana ndi 12ª classe. Wogamula ndi INECE, ndipo yankho lake mulidziwe musanalipire china chilichonse. Satifiketi itsimikizidwe kaye ku Malawi, ku MANEB ndi ku unduna woona za maubale ndi maiko akunja, kenako ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo imasuliridwe m'Chipwitikizi. Nthawi ndi yothina. Zotsatira za MSCE zimatuluka cha m'ma Seputembala kapena Okutobala, mayeso olowera kuno amachitika chakumayambiriro kwa chaka, ndipo makalasi amayamba cha mu Febuluwale kapena Malichi. Satifiketi yeniyeni ya MANEB imachedwa kusiyana ndi kapepala ka zotsatira, ndiye funsani ku Direcção Provincial ya zamaphunziro ku Tete ngati angayambe ntchito ndi kapepalako.

Za chilolezo chokhalira: mwana amene ali kale ndi DIRE, chiphaso cha mlendo wokhala kuno, kudzera mwa makolo ake aonetsetse kuti sinathe, ndipo afunse ku SENAMI ngati kukwanitsa zaka 18 kukusintha kanthu. Amene akuchokera ku Malawi atenge visto de estudante ku ofesi ya kazembe asanawoloke, ndi kalata ya yunivesite komanso kalata ya apolisi yosonyeza kuti alibe mlandu. Viza imeneyi ndi ya chaka, yowonjezera chaka ndi chaka. Kukhala masiku opitirira kuli ndi chindapusa chowerengedwa tsiku lililonse, ndipo n'chowawa. Amalawi okhala m'chigawo chino ali ndi ofesi ya kazembe wawo mumzinda wa Tete.

Mawu amodzi kwa mwana wa ku Mozambique amene anakulira ku Malawi n'kubwerera: iye si mlendo, koma polembetsa ku yunivesite angafunsidwe umboni woti analembetsa kalembera wa usilikali, amene amachitika mu Januwale ndi Febuluwale kwa amene akukwanitsa zaka 18 chaka chimenecho. Ambiri amadzidzimuka nazo tsiku lomaliza.

Ndalama

Pa 8 Seputembala 1997 atsogoleri a maiko a SADC anasainira ku Blantyre pangano la zamaphunziro. Ndime 7 ya panganolo imati mayunivesite asunge malo osachepera 5 pa 100 aliwonse a ophunzira ochokera m'maiko ena a SADC, ndipo inapereka zaka 10 zoti maiko afike poona ophunzira amenewa ngati ana a dziko pa nkhani ya fizi ndi malo ogona. Malawi ndi Mozambique onse ali m'panganoli. Zaka 10 zimenezo zinatha kalekale, koma mukatenga mndandanda wa fizi mupezabe mizere yosiyana, wa nzika ndi wa mlendo. Ku Malawi fizi ya mlendo kawirikawiri imatchulidwa m'madola a ku America, ndipo nthawi zambiri pamakhala mtengo wa wochokera m'SADC ndi wina wokwera wa wochokera kutali. Panganoli silingakakamize wolandira ndalama kuti akutsitsireni, komabe lidziweni. Polembera Registrar nenani kuti mwana ndi wa dziko la SADC, mufunse mtengo wake ndi malo amene anasungira ophunzira otere, ndipo muonetsetse kuti kalata yomulandira yatchula gulu lolondola. Kwa ine n'zomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Calómuè, amene amaona phiri la Dedza ali pakhonde pa kwawo, alipire m'madola. Koma panopa ndi mmene zilili, ndipo bajeti ipangidwe pa zimene zilipo.

Ngongole ya boma la Malawi, imene imaperekedwa ndi bungwe la HESLGB, ndi ya Amalawi okha. Thandizo la Instituto de Bolsas de Estudo kuno ndi la nzika za Mozambique, ndipo mwana wa kuno wofuna kukaphunzira kunja akhoza kuyang'ana zilengezo zake. Mlendo, mbali iliyonse, amadalira thumba la kwawo, mpingo, kapena mabungwe othandiza. N'chifukwa chake ndinayamba ndi nkhani ya unzika. Kusiyana kwa fizi ya nzika ndi ya mlendo pa zaka zinayi kapena zisanu kumaposa kutali ndalama zonse zimene mungawononge poyendera mapepala oona.

Powerengera, musaone fizi yokha. Ikanipo chilolezo cha chaka ndi chaka, womasulira, zidindo, malo ogona poti si onse amapeza chipinda pa sukulu, chakudya, foni kapena laputopu, ndi maulendo. Ndalama yathu imabwera nthawi yokolola, pamene mbatatesi, nyemba, soya ndi fodya zagulidwa, koma yunivesite imafuna yake kumayambiriro kwa semesita. Patulani ya sukulu tsiku lomwe mwagulitsa. Ngati fizi ili m'madola, kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasintha meticais ake onse kukhala makwacha miyezi isanakwane anadzuka ndi ndalama yosakwana. Sungani mu ndalama imene mwagulitsira, musinthe nthawi yolipira ikayandikira. Osintha ndalama a pa chipata ndi othandiza pa ya minibasi, koma fizi idutse ku banki, mu akaunti imene yalembedwa pa kalata ya yunivesite, dzina ndi nambala ya wophunzira zili pa lisiti. Wina akakuimbirani kuti ali ndi malo a mwana wanu, mungotumiza ndalama pa foni, ameneyo ndi wakuba.

Kuno kuli maphunziro a masana, amene amati laboral, ndi a madzulo, pós-laboral. A madzulo n'kosavutirapo kupeza malo, koma amalipiritsa mwezi ndi mwezi ndipo ndi okwera mtengo kwambiri. Onetsetsani kuti mwana wachonga bokosi loyenera pa fomu.

Adzagwira ntchito kuti?

Funso limeneli lifunsidwe mwana asanasankhe phunziro, chifukwa si digiri iliyonse imene imawoloka malire. Za ulimi, ziweto, kakonzedwe ka zakudya, uinjiniya ndi makompyuta zimayenda bwino mbali zonse, ndipo mwana wodziwa Chichewa, Chingerezi ndi Chipwitikizi amafunika pa msika wa ntchito wa Tete, Moatize ndi njanji ya ku Nacala. Zamalamulo ayi. Malawi amatsata malamulo a mtundu wa ku England, Mozambique a mtundu wa ku Portugal, ndipo loya wophunzira ku Zomba sangangofika n'kuimira munthu m'khoti la ku Tete. Uphunzitsi nawo umamangika ku chilankhulo ndi silabasi ya dziko. Dokotala wophunzira kuno ayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi asanagwire wodwala ku Dedza, ndipo wophunzira ku KUHeS ayenera kudutsa ku Ordem dos Médicos kuti agwire ntchito kuno. Ntchito za m'boma, kumene aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi ambiri amalembedwa, zimafuna nzika.

Digiri ya ku Malawi idzafunikanso equivalência yake mwana akadzabwerera. Pa chifukwa chimenechi asadzachoke pa yunivesite ndi satifiketi yokha. Atengenso chikalata cha magiredi a zaka zonse ndi ndondomeko ya zimene anaphunzira m'phunziro lililonse, zodindidwa, adakali komweko ndipo akumudziwa.

Pepala lililonse limene latchulidwa pano likhale ndi mafotokope otsimikizidwa kwa notário kapena kwa majisitireti, ndipo lijambulidwe pa foni n'kutumizidwa kwa wachibale wachiwiri. Satifiketi yeniyeni musaisiye pa windo popanda kapepala kosonyeza amene wailandira ndi tsiku lake. Masiku othera pasipoti, chilolezo ndi DIRE alembedwe pa kalendala ya m'nyumba, ndipo kukawonjezera kuyambike kutatsala miyezi iwiri.